KUSAMBA M'MANJA KOTETEZA NDI KUSAMBA M'MANJA KWA MANTHA

Mau amene analankhula mlembi wa Chigwirizano cha Amai pa tsiku la chikondwerero ku Nkhotakota

 Tiyamika Mulungu amene watisunga kufikira tsiku lino. Ena amene tinali kuvala nao yunifomu iyi anatsogola, ndipo tiwakumbukira ndi ulemu.

Komiti inagwirizana kuti chaka chino tikambe nkhani imene takhala tikukumana nayo poyendera odwala ndi ofooka m'milaga yathu ya m'mbali mwa nyanja muno. Nkhaniyi ndi ya kusamba m'manja. Wina adzati, kodi pa tsiku lalikulu ngati lino n'kukamba za madzi ndi sopo? Inde amai, pakuti pali anzathu ena amene kusamba m'manja kunawasandukira goli. Akuvutika mwakachetechete, osadziwa kuti chimene chikuwasautsa ndi matenda amene ali ndi thandizo lake.

1. Zimene miliri inatiphunzitsa

Tonse tikumbukira chaka cha 2020. Pa 20 Malichi Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19. Sukulu zinatsekedwa, ndipo misonkhano ya anthu opitirira 100 inaletsedwa. Pa 2 Epulo tinamva pa wailesi kuti anthu atatu oyamba apezeka nao matendawa ku Lilongwe. M'mwezi wa Januwale 2021 matenda anakula koopsa, kotero kuti nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Katemera anafika m'dziko muno m'Malichi chaka chomwecho.

M'masiku amenewo tinaphunzira makhalidwe achilendo. Pakhomo pa tchalitchi panaikidwa ndowa ya mpopi ndi sopo. Tinasoka tinsalu totchinga kukamwa ndi mphuno. Tinaleka moni wa m'manja, chinthu chowawa kwa ife amene tinaleredwa kuti mlendo umamlandira ndi manja awiri. Ngakhale pa maliro chiwerengero cha anthu chinachepetsedwa.

Mliri umenewu tisanauiwale, m'Malichi 2022 munabuka matenda a kolera. Anayambira kum'mwera nafika m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo boma lathu la Nkhotakota linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Pofika pakati pa chaka cha 2023 anthu oposa 1,700 anali atamwalira m'dziko lonse la Malawi. Alangizi a zaumoyo anayenda m'midzi ndi m'madooko a asodzi kugawa klorini wothira m'madzi akumwa. Anatiphunzitsa kuika mpondagiya pafupi ndi chimbudzi, ndi kuleka kusambira tonse m'beseni limodzi tisanadye nsima, koma tizithirirana madzi.

Malangizo onsewa anali abwino, ndipo anapulumutsa miyoyo. Chonde asapite munthu kwao lero n'kukanena kuti amai a Chigwirizano aletsa ukhondo.

2. Pamene mantha akana kuchoka

Pa 5 Meyi 2023 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti Covid-19 sanalinso ngozi yadzidzidzi ya maiko onse. Kolera nayenso anachepa. Ambiri a ife tinabwerera ku moyo wa masiku onse, kupatsana moni, kudyera pamodzi, kunyamulirana ana. Koma alipo ena amene mumtima mwao mliri sunathe.

Matenda amene tikukambawa madotolo amawatchula ndi zilembo zitatu za Chingerezi, OCD. Ife tinganene kuti ndi matenda a maganizo okakamira ndi zochita zobwerezabwereza. Mayendedwe ake ali motere. Poyamba limadza ganizo losaitanidwa: manja angawa ali ndi tizilombo, ndikagwira mwana adwala nafa, ndipo mlandu udzakhala wanga. Ganizoli limabweretsa mantha aakulu, mtima kugunda, thukuta kutuluka. Munthu athamangira madzi nasamba. Atasamba, mtima ukhala pansi kanthawi kochepa. Posachedwa ganizo lija libweranso: kodi ndinasamba bwino pakati pa zala? Kodi sindinakhudze chitseko potuluka? Asambanso. Tsono kupepukidwa kwa kanthawi kuja ndiko kumene kumakulitsa matendawa, chifukwa mtima umazolowera kuti ukapanda kusamba tsoka ligwa. Zili ngati kukanda mphere. Pokanda umamva kukoma, koma chilonda chimanka chikulirakulira.

Ofufuza a m'maiko osiyanasiyana anapeza kuti mwa anthu 100 alionse, mmodzi kapena awiri kapena atatu amadwala matendawa nthawi ina pa moyo wao. Ndiye kuti mu mpingo wa akristu 500 mungapezeke asanu kapena oposerapo. Kawirikawiri amayamba munthu ali mnyamata kapena mtsikana, ndipo mwa amai amatha kuyamba kapena kukula pa nthawi ya pakati ndiponso pamene mai wangobereka kumene. M'mabanja ena amayenda m'magazi. Kuopa litsiro ndi tizilombo ndi mtundu umodzi wofala kwambiri, koma ilipo mitundu ina. Wina amadzuka kakhumi usiku kukaona ngati watseka chitseko kapena ngati wazima moto. Wina amawerenga zinthu mobwereza, ndipo akasokoneza amayambiranso.

Dziwani ichi amai: munthu wotere sanazungulire mutu iai. Nthawi zambiri iye mwini amaona kuti zimene akuchitazo zapyola muyeso, koma mphamvu yolekera alibe. Ndi chifukwa chake amachita manyazi nabisa, ena kwa zaka zambiri.

3. Kodi mliri ndiwo unabweretsa matendawa?

Matendawa analipo kale mliri usanadze. Ndiponso anthu ochuluka amene anasamba m'manja pafupipafupi m'zaka zija sanadwale. Koma kwa munthu amene anali nayo kale mbeu ya mantha otere, masiku aja anali ngati mvula yoyamba pa mbeuyo. Madotolo a ku Italy, dziko limene linasautsidwa kwambiri kumayambiriro kwa 2020, anaona kuti mwa odwala ao matenda anakula m'miyezi imeneyo, makamaka mwa iwo amene mantha ao anali oopa kuipitsidwa.

Tiona njira zitatu zimene mliri unathandizira matendawa. Yoyamba, unatsimikizira wodwala kuti mantha ake ndi oona. Tsiku ndi tsiku wailesi inali kulengeza chiwerengero cha odwala ndi omwalira, ndipo liu la mumtima lija linapeza mboni. Yachiwiri, mliri unabisa matendawa. Popeza aliyense anali kusamba, mai wosamba kambiri koposa anzake anali kuyamikiridwa kuti ndiye womvera malangizo. Palibe anaganiza kuti akudwala. Yachitatu, tinauzidwa kupewa magulu a anthu, ndipo mantha amakula munthu akamathawa chimene akuchiopa. Amene wakhala miyezi osagwira dzanja la mnzake, tsiku logwiranso limamuvuta koposa.

Palinso china. M'kupita kwa nthawi akatswiri anazindikira kuti Covid-19 amafala makamaka kudzera mu mpweya, pamene anthu athinana m'nyumba yopanda mazenera, ndipo kuti kutenga matendawa pogwira ndalama kapena katundu wa kumsika sikuchitika kawirikawiri. Munthu wabwinobwino atamva zimenezi analeka kupukuta chilichonse. Koma wodwala uja, ngakhale amve ndi makutu ake kuchokera kwa dotolo, mumtima mwake mumatsalabe funso lakuti, nanga zitachitika kwa ine?

4. Tingasiyanitse bwanji?

Apa ndi pamene ambiri amafunsa. Pali mafunso anai amene angatithandize.

Loyamba, kodi kusambako kuli ndi chifukwa chooneka? Waukhondo amasamba pochokera kuchimbudzi, atasintha mwana thewera, asanakonze chakudya, asanadye, ndiponso asanadyetse mwana. Wodwala amasamba chifukwa ganizo lamuwopsa, ngakhale sanakhudze kanthu.

Lachiwiri, kodi kuli ndi mathero? Azaumoyo amati tipake sopo ndi kutikita manja kwa masekondi osachepera 20, titsukuluze ndi madzi oyenda, basi. Anansi athu Achisilamu amasamba asanapemphere, ndipo akatha amalowa mu mzikiti. Kusamba kwa mantha sikufika pakuti basi.

Lachitatu, kodi kukudya nthawi yochuluka bwanji? Madotolo amati maganizo ndi zochita zimenezi zikamatenga nthawi yopitirira ola limodzi tsiku lililonse, kapena zikamaimitsa ntchito ya munthu, pamenepo pali matenda.

Lachinai, kodi kukuononga chiyani? Onani manja. Akauma, kung'aluka ndi kutuluka magazi, ukhondo wapitirira malire, pakuti khungu long'aluka ndilo khomo lolowera tizilombo. Onaninso banja. Ngati mai sathanso kukumbatira mwana wake wobwera kusukulu asanamusambitse, ngati waleka kupita kumaliro, kumsika ndi kutchalitchi, chinthu chimene chinayenera kuteteza banjalo chayamba kuligwetsa.

5. Nkhani ya mnzathu wina

Tikuuzeni za mai wina amene anatiloleza kukamba nkhani yake, koma dzina ndi mudzi sititchula. Maiyu anali kugula usipa kudooko, kuyanika pa thandala ndi kugulitsa. M'chaka cha kolera mwana wa mnansi wake anamwalira usiku umodzi wokha. Kuyambira pamenepo iye anayamba kusamba mosalekeza. Sopo wa mtanda sanali kutha masiku atatu. Klorini amene anapatsidwa kuti azithira m'madzi akumwa anayamba kusambira m'manja, mpaka zala zinasupuka. Ndalama zapepala anali kuziopa kugwira, ndipo malonda anaima. Madzi amene ana anatunga kumjigo anali kutha dzuwa lisanafike pamutu, ana n'kubwereranso ndi zidebe mpaka kuchedwa kusukulu.

Chimene chinautsa mlandu ndi chakudya. Apongozi ake ataphika kondowole, iye anakana kudya. Akuchimuna anati mkaziyu watiyesa ife auve, ndi wodzikuza. Ena anati amulodza chifukwa cha malonda ake. Ankhoswe anakhala pansi kawiri, ndipo ukwati wa zaka zambiri unatsala pang'ono kutha.

Amai awiri a Chigwirizano amene anapita kukamchezera anaona manja ake, namfunsa modekha. Iye analira nati akudziwa kuti mbale za apongozi ake ndi zoyera, koma mtima umamuuza kuti akadya abweretsa imfa kwa ana ake. Amai aja anakamba ndi bambo wa panyumba, ndipo onse anamperekeza kuchipatala. Kumeneko namwino woona za matenda a maganizo anawafotokozera kuti vutoli ndi lodziwika, ndipo si iye yekha amene ali nalo. Panapita miyezi ndithu. Lero maiyu anabwerera kudooko, ndipo amadya ndi apongozi ake. Masiku ena mantha amabwerako, koma tsopano amawazindikira ndipo amadziwa chochita.

6. Kodi Mau a Mulungu atiuza chiyani?

Pa Marko mutu 7 tiwerenga za Afarisi amene anadzudzula ophunzira a Yesu chifukwa chakudya osasamba m'manja monga mwa mwambo wa akulu. Ambuye anawaphunzitsa kuti chodetsa munthu pamaso pa Mulungu chimachokera mumtima. Pamenepo sanali kuletsa ukhondo wa thupi, koma anaonetsa kuti madzi sangagule mtendere wa mumtima. Pa mutu 1 wa buku lomweli Iye anakhudza wakhate amene anthu onse anali kumthawa, ndipo pa mutu 5 sanakalipire mai wodwala nthenda yotaya magazi zaka 12 amene anagwira chovala chake. Anthu amene anali kudziona ngati odetsedwa Ambuye anawayandikira, ndipo ife otchedwa ndi dzina lake tiyenera kuchita chimodzimodzi.

Tinene poyera kuti matendawa si tchimo, si chilango, ndiponso si chizindikiro chakuti munthu alibe chikhulupiriro. Amagwira ngakhale opemphera kwambiri. Mwa ena amalowera ku zauzimu zomwe: munthu akagwada kuti apemphere mumadza maganizo onyansa kapena onyoza Mulungu amene iye sawafuna, ndipo amabwereza pemphero kambirimbiri poopa kuti silinamveke. John Bunyan, mlaliki wa ku England amene anakhala m'ndende zaka 12 chifukwa cholalikira, analemba m'chaka cha 1666 za maganizo otere amene anamsautsa nthawi yaitali, koma Mulungu anamgwiritsabe ntchito. Ganizo limene ladza lokha, iwe ukudana nalo, silionetsa chimene uli. Mai wotere asadzipatule pa mgonero chifukwa cha manyazi. Akambe ndi abusa kapena amai busa.

Tipemphere nao ndithu, koma tiwaperekezenso kuchipatala, monga tichitira ndi wodwala malungo kapena shuga. Mulungu amene amamva pemphero ndi yemweyo anapatsa madotolo nzeru.

7. Zimene tingachite ife a Chigwirizano ndi mabanja

Choyamba, tisaseke ndipo tisakalipe. Mau akuti ingolekani basi sathandiza, pakuti kukanakhala kotheka akanaleka kale. Kubisa sopo mwaukali kapena kumgwira manja mokakamiza kumangoonjezera mantha.

Chachiwiri, tisathandize matendawo. Apa ndi povuta, chifukwa chikondi chimatikoka. Mwana amatunga zidebe zoonjezera, bambo amavula zovala pakhomo, aliyense amayankha kakhumi patsiku kuti iai amai, simunakhudze kanthu. Zonsezi zimakhazika mtima pansi kwa mphindi zochepa, koma mawa matenda amafuna zochuluka. Banja lipangane ndi wodwalayo, pa nthawi imene mtima wake uli m'malo, kuti zinthu zimenezi azichepetsa pamodzi pang'onopang'ono.

Chachitatu, tidziwe mmene thandizo la kuchipatala limayendera. Njira yaikulu ndi yophunzitsa munthu kuyandikira chimene amachiopa, kuyambira pa chaching'ono, n'kudikira osasamba. Mwachitsanzo agwire ndalama, kenaka akhale pansi osathamangira madzi. Mantha amakwera, koma akapirira amatsika okha. Akabwereza masiku ambiri mtima umaphunzira kuti tsoka lija silibwera. Atatha ichi apita pa china chokulirapo. Paja amati pang'onopang'ono ndi mtolo. Aliponso mankhwala akumwa, monga fluoxetine, amene dotolo angapereke. Mankhwalawa sagwira ntchito tsiku limodzi, amatha kutenga miyezi iwiri kapena itatu kuti kusintha kuoneke bwino. Tsono wodwala asataye mtima msanga, asaleke kumwa payekha, ndipo asagule mankhwala kumsika. Mai woyembekezera kapena woyamwitsa auze dotolo za zimenezi.

Chachinai, tidziwe koyambira. Tiyambe ndi chipatala chimene tili nacho pafupi, kapena chipatala cha boma cha pa Nkhotakota, ndipo tifunse woona za matenda a maganizo. Tifotokoze zonse osabisa: amasamba kangati, kuyambira liti, waleka kuchita chiyani. Pakafunika thandizo lina, m'dziko muno muli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndiponso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Wodwala akayamba kunena kuti watopa nao moyo, tisadikire tsiku la msonkhano. Tipite naye tsiku lomwelo, ndipo asasiyidwe yekha.

Chachisanu, tisunge chinsinsi. Zimene tamva m'nyumba ya mnzathu si nkhani ya kumjigo kapena kuchigayo. Mai akaulula vuto lake n'kumva mawa kuti mudzi wonse ukudziwa, sadzatsegulanso pakamwa, ndipo ena amene anali kufuna kuulula adzabwerera.

Kwa inu abambo amene mwabwera lero, tikupemphani mwaulemu. Mkazi wanu akamakana chakudya cha abale anu, kapena akamakuuzani kuti musambe mobwereza, musafulumire kuitana ankhoswe kapena kuthamangira kwa woombeza. Yambani mwaona manja ake ndi kumfunsa chimene akuopa. Ndiponso matendawa sasankha, amagwiranso amuna ndi anyamata. Inu amai, muziyang'ana ana anu amene anali aang'ono m'zaka za mliri. Mwana akamachedwa kubafa tsiku lililonse, kapena akamafunsa mobwereza ngati adwala, mukhale naye pansi musanatole mkwapulo.

8. Muyeso woyenera

Potsiriza tibwerere ku chenjezo lija. Ife tikhala m'mbali mwa nyanja, ndipo nyengo ya mvula ikafika kolera amatha kubukanso. Matenda amenewa amafala kudzera m'madzi ndi m'zakudya zimene zaipitsidwa ndi chimbudzi cha munthu. Motero khomo lililonse likhale ndi chimbudzi chovundikira ndi mpondagiya wake. Madzi akunyanja kapena akumtsinje tisamwe osawiritsa kapena osathira klorini monga mwa muyeso umene alangizi atiuza. Klorini ndi wa m'madzi, si wopaka m'manja. Tisambe ndi sopo pa nthawi zisanu zija, ndipo tikatha tipitirize ntchito zathu ndi mtima wokhazikika. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwambiri, amwe Thanzi ORS ali pa ulendo wopita kuchipatala. Wodwala matenda a mantha nayenso atsate muyeso womwewu, osaonjezera ndiponso osachotsera.

Chigwirizano chinakhazikitsidwa kuti amai azinyamulirana zothodwetsa. Timadziwa kuphikira anamfedwa, kutungira madzi okalamba ndi kuchezera odwala m'chipatala. Tsono pa ntchito zimenezi tionjezere iyi. Mlaga uliwonse, pa msonkhano wake woyamba, uwerengenso mau awa ndi kukambirana. Amai oyendera odwala akaona mpando wa mnzathu uli wopanda munthu masabata angapo, apite akamuone, ndipo akapite awiri. Akakana kugwirana chanza musakhumudwe. Khalani naye pakhonde, mucheze, mupemphere, ndipo mudzabwerenso sabata yamawa. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mulungu wa mtendere asunge mitima yathu ndi mabanja athu, adalitse Chigwirizano chathu, ndipo atipatse zaka zina zomtumikira.